Chulukechuluke ngwa njuchi: uchi wa ku Salima ngwa mtengo uti?

Aliyense amene adatsikapo basi pa Kamuzu Road ku Salima, kapena kuyenda msewu wotsetsereka kuchokera ku Lilongwe kudzera pa Mvera, adawaonapo mabotolo aja. Amandandalikidwa pa kathebulo kapena pa chitsa, ena ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ena oyererako, ena akuda bii. Wogulitsa akaona kuti mwaima amayamba kuwerenga matenda monga m'busa awerengera mbuzi zake madzulo: chifuwa, mphumu, zilonda zam'mimba, bala lamoto. Onsewa ati uchi umachiza.

Tsiku lina ndidafunsa mnyamata wina wogulitsa kuti, "Achimwene, uchi umenewu ngwa mtengo wanji?" Iye sadachedwe, adanditchulira makwacha. Ndidati ayi, ndikunena mtengo wa masamba ndi maluwa, umene njuchi zidatengako timadzi. Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka n'kuseka. "Aaa bwana, uchi ndi uchi basi. Ngwa njuchi."

Sindidamuone cholakwa mnyamatayo, poti ambirife timaganiza chimodzimodzi. Koma mbiri ya uchi ngati mankhwala ikutiuza zina. Uchi si umodzi. Mphamvu zake, kukoma kwake, ngakhale kuopsa kwake, zimatsata duwa limene njuchi idaterapo. Ndipo nthawi zonse pamene anthu adalephera kulitchula bwino duwalo, kafukufuku wawo adasochera.

Akuluakulu athu izi ankazidziwa. Atsibweni anga, amene ankapachika ming'oma ya makungwa m'munsi mwa mapiri a ku Thuma, sankanena kuti uchi n'kulekera pomwepo. Ankati uwu ngwa m'chilimwe, wa mombo ndi tsamba, mitengo imene imachita maluwa itatha kuphuka masamba ofiira aja mvula isanagwe. Uwu ngwa m'masika, wa mchenga. Uwu ngwa kudambo, wa msangu, mtengo wamakani uja umene umayoyola masamba m'dzinja anzake akubiriwira, n'kudzaphuka mvula itatha. Ankalawa ndi chala, n'kununkhiza, n'kukuuza mwezi umene njuchi zidagwira ntchito. Mng'oma umene uli pafupi ndi mpanda wa nkhadze ankaukayikira, ati uchi wake umayabwa pakhosi.

Ndili mwana ndinkayesa ndi zonena za akuluakulu chabe. Nditakula ndidapeza kuti ku South Africa alimi a njuchi ali ndi dzina la uchi woterewu, amautcha noors, ndipo umachokera ku zomera za banja limodzi ndi nkhadze, zotchedwa Euphorbia. Umawotcha m'kamwa, ndipo ukamwera madzi ndiye kuwotchako kumanyanya. Atsibweni sadapiteko ku South Africa, koma lilime lawo lidafika pa mfundo yomweyo.

Nzeru imeneyi njakale padziko lonse. Zaka pafupifupi 400 Yesu asanabadwe, Mgiriki wina dzina lake Xenophon adalemba za asilikali anzake amene adadya uchi pafupi ndi mzinda umene lero ndi Trabzon, m'dziko la Turkey. Adayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba, ena n'kumadzandira ngati aledzera kachasu, ena n'kugona pansi ngati akufa. Patapita masiku owerengeka adadzuka. Njuchi zidalibe mlandu: zidatenga timadzi ku maluwa a Rhododendron, amene ali ndi poizoni wotchedwa grayanotoxin. Naye Dioscorides, sing'anga wa m'zaka za zana loyamba, polemba buku lake la mankhwala adasiyanitsa uchi potengera kumene wachokera, natamanda wa ku Attica kuposa wina.

Tsono sayansi ya m'labotale itabwera, idayamba ndi kuiwala phunziro limeneli. M'chaka cha 1892 wasayansi wa ku Netherlands, Van Ketel, adalemba kuti uchi umalepheretsa tizilombo toyambitsa matenda kuswana. Mu 1937 akatswiri a ku Germany adati mu uchi muli kanthu kena kamene kamachita zimenezi, ndipo posadziwa kuti n'kachiyani adangokapatsa dzina loti inhibine. Padatenga mpaka 1963 kuti Jonathan White ndi anzake ku America aonetse kuti kanthuko ndi hydrogen peroxide, amene amapangika uchi ukasungunuka ndi madzi, kaamba ka timadzi tina timene njuchi yeniyeniyo imathiramo. Kuphatikiza apo uchi uli ndi shuga wambiri amene amayamwa madzi m'tizilombo, komanso ngwowawasa pang'ono.

Zidaoneka ngati nkhani yatha: mphamvu ya uchi imachokera ku njuchi, duwa lilibe nazo ntchito. Komabe zotsatira za kafukufuku zinkatsutsana. Uyu ayesa uchi napeza kuti ngwamphamvu, winayo ayesa uchi napeza kuti ngwofooka. Onse m'malipoti awo ankangolemba kuti uchi, ngati mnyamata wa pa Kamuzu Road uja.

Amene adabwezera duwa pamalo pake ndi Peter Molan wa ku University of Waikato ku New Zealand, yemwe adayamba kufufuza uchi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Mu 1991 iye ndi anzake adasindikiza zotsatira za kuyesa mabotolo 345 a uchi wochokera ku mitundu 26 ya maluwa. Kusiyana kwake kudali kwakukulu zedi. Chodabwitsa koposa chidali uchi wa kachitsamba kotchedwa manuka, kapena Leptospermum scoparium: ngakhale atachotsamo hydrogen peroxide, uchiwo unkapitiriza kupha tizilombo. Kumbukirani kuti kachitsambaka alimi a kumeneko ankakazula ngati thengo lachabechabe, ndipo uchi wake udali wotsika mtengo.

Chinsinsi chidaululika mu 2008 pamene gulu la Thomas Henle ku Dresden, ku Germany, lidapeza kuti mphamvuyo ikuchokera ku methylglyoxal. Chaka chotsatira akatswiri a ku Waikato adaonetsa kuti ameneyu amapangika kuchokera ku chinthu china chimene chili kale m'timadzi ta duwa la manuka. Ndiye kuti mwini mankhwala ndi mtengo, njuchi ndi mtengatenga chabe. Mu 2007 bungwe loona za mankhwala ku America lidali litavomereza kale nsalu zomangira mabala zokhala ndi uchi wa mtundu umenewu.

Apa mpamene mitengo iwiri ija, wa masamba ndi wa makwacha, idakumanirana. Uchi wa manuka udakwera mtengo koopsa, ndipo akamberembere adalowerera. Mu 2013 amalonda a uchi ku New Zealand adadandaula kuti dziko lawo limafula matani pafupifupi 1,700 a uchiwu pachaka, pamene padziko lonse pankagulitsidwa matani oposa 10,000 olembedwa dzina lomwelo. Vuto lina lidali loti manuka ali ndi mnzake wofanana naye, kanuka, amene mungu wake ngwovuta kuusiyanitsa ngakhale pa maikulosikopu. Boma la New Zealand lidachita kukhazikitsa lamulo mu December 2017 loti uchi wotumizidwa kunja ndi dzina la manuka uzipimidwa zinthu zinayi za m'timadzi take pamodzi ndi DNA ya mungu. Taonani ntchito imene dzina limodzi la kachitsamba lidawagwiritsa.

Nanga kwathu kuno? Kafukufuku wa uchi pa mabala adachitikapo m'Malawi muno. Mu 2007 magazini ya Journal of Wound Care idasindikiza ntchito ya Mphande, Killowe, Phalira, Jones ndi Harrison, imene idachitikira pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre. Odwala 40 a mabala adagawidwa pawiri, ena kumangidwa ndi uchi, ena ndi shuga. A uchi mabala awo ankatsekeka mwamsangako, tizilombo tidachepa kwambiri, ndipo ululu pomasula bandeji udali wocheperako. Padziko lonse, bungwe la Cochrane litaunika kafukufuku 26 mu 2015, lidapeza umboni wabwino woti uchi umapoletsa bala lamoto losazama masiku anayi kapena asanu msanga kuposa njira zina zozolowereka, koma pa mabala a mitundu ina ambiri umboni sudali wokwanira.

Funso la madokotala a ku Blantyre lidali loti uchi kapena shuga, ndipo adaliyankha. Funso lotsatira, loti uchi wa mtengo uti, latsalira ife. Ndipo apa mpamene pali mbuna zingapo zimene wofufuza aliyense wobwera ku Salima ayenera kuzidziwa.

Mbuna yoyamba ndi dzina limodzi la mitengo iwiri. Mukauza munthu wa kunyanja kuno kuti mtondo, iye aganiza za mtengo waukulu wa zipatso zachikasu zija, umene asayansi amautcha Cordyla africana. Koma kumapiri a mvula yambiri, ndi kutsidya ku Zambia, mtondo kapena mutondo ndi Julbernardia paniculata, mtengo wa m'nkhalango umene alimi a njuchi a kumpoto chakumadzulo kwa Zambia amaudalira kwambiri. Wofufuza akalemba kuti uchi wa mtondo umapoletsa bala, mnzake wofuna kubwereza ntchitoyo apita ku mtondo uti? Chimodzimodzi bulugama: dzinali n'limodzi, koma mitundu ya Eucalyptus ilipo mazanamazana, ndipo ingapo mwa iyo idadzalidwa m'dziko muno.

Mbuna yachiwiri ndi kusokoneza nyumba ya njuchi ndi munda wake. Ku Salima milambe ili mbwee, ndipo njuchi zimakonda kumanga m'mphako zake. Munthu akafula m'menemo amati uwu ndi uchi wa mlambe, ndipo sakunama. Koma maluwa a mlambe amatseguka usiku, ndipo amene amawatumikira kwambiri ndi mileme. Njuchi za m'mphakomo zimauluka makilomita awiri kapena atatu, nthawi zina kuposa apo, kukatenga timadzi ku mango, ku msangu, ku thonje, ku maungu a m'dimba la wina. Ku Malaysia kuli nkhani yofanana: uchi wotchuka wa tualang, umene adaufufuza kwambiri, dzina lake ndi la mtengo wamtali umene njuchi zimamangapo, osati duwa limene zimadya.

Mbuna yachitatu ili m'mabuku enieniwo. Mukawerenga lipoti lotamanda uchi wa acacia, musathamangire kuloza mthethe wa m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe. Ku Ulaya uchi wotchedwa dzina limeneli umachokera ku Robinia pseudoacacia, mtengo wa ku North America umene si acacia n'komwe. Ndiponso maina a sayansi amasintha. Msangu m'mabuku akale ndi Acacia albida, lero ndi Faidherbia albida. Pa msonkhano wa akatswiri a zomera ku Melbourne mu 2011 adatsimikiza kuti dzina loti Acacia likhale la mitengo ya ku Australia, ndipo yathu ya minga idagawidwa kukhala Vachellia ndi Senegalia. Mthethe tsopano ndi Senegalia polyacantha. Wosatsata mbiri ya maina angayese mitengo iwiri pamene uli umodzi, kapena umodzi pamene ili itatu.

Mwayi wathu ngwoti ntchito yolumikiza maina athu ndi a sayansi sikuyamba lero. Mu 1753 Linnaeus adakhazikitsa njira yopatsa chomera chilichonse maina awiri a Chilatini, ndipo pambuyo pake padadza lamulo loti dzina liziima pa chitsanzo chouma chosungidwa, chimene wina aliyense angakachione. John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera amene adayenda ndi David Livingstone, adadutsa pa bwato m'gombe lathu lino mu 1861, ndipo zomera zimene ankatola pa ulendo wonsewo ankazitumiza ku Kew, ku London. Msuku umene timadya masuku ake uli ndi dzina lake mpaka lero, Uapaca kirkiana. Zimawawa pang'ono kuti mtengo umene makolo athu adaudziwa kalekale ukutchedwa dzina la mlendo wodutsa, koma tiyeni tivomereze kuti dzina limenelo silisokonezeka ndi la mtengo wina kulikonse padziko.

Mu 1936 Burtt Davy ndi Hoyle adatulutsa mndandanda wa mitengo ya Nyasaland, umene Topham adaukonzanso mu 1958. Jessie Williamson, amene adagwira nawo kafukufuku wa zakudya yemwe adayamba mu 1938 m'boma loyandikana nafe la Nkhotakota, adalemba Useful Plants of Nyasaland mu 1955. Mu 1972 Blodwen Binns wa ku Chancellor College adatulutsa Dictionary of Plant Names in Malawi, buku limene limaonetsa poyera momwe dzina limodzi limayendera pa mitengo yosiyana malinga ndi dera ndi chilankhulo. Mu 1987 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, kumene kumasungidwa zitsanzo zouma za zomera za dziko lino. Ndipo mu 1996 Brian Morris adasindikiza Chewa Medical Botany. M'mabuku onsewa muli nzeru za asing'anga, alenje ndi amayi a kumudzi amene adaloza mtengo n'kuutchula, ngakhale maina awo sali pachikuto.

Njira yodziwira duwa kuchokera m'botolo nayonso ilipo kale. Njuchi ikamayamwa timadzi, mungu wa duwalo umagweramo, ndipo mungu wa chomera chilichonse uli ndi maonekedwe akeake. Kuwerenga mungu wa mu uchi kudayamba ndi Pfister mu 1895, ndipo mu 1978 Louveaux, Maurizio ndi Vorwohl adalemba ndondomeko imene ambiri amatsata: mungu wa chomera chimodzi ukaposa magawo 45 pa 100 alionse, chomeracho chimatengedwa kuti ndicho chalamulira uchiwo.

Koma nayo njirayi ili ndi pogwera, makamaka kuno. Maluwa ena amataya mungu wambiri pa timadzi tochepa, ena timadzi tambiri pa mungu wochepa. Njuchi zimatola mungu pa ngayaye za chimanga, chonsecho chimanga sichipereka timadzi, kotero kupeza mungu wake m'botolo sikutanthauza kuti pali uchi wa chimanga. Komanso ambiri kumudzi timafinya malesa onse pamodzi, a uchi ndi a mungu umene njuchi zidasungira ana, ndipo chiwerengero chimasokonekera pomwepo. N'chifukwa chake maikulosikopu payokha siyikwanira. Pafunika wina woti anene kuti mng'oma udali pati, udafulidwa mwezi uti, ndipo nthawi imeneyo kudali maluwa anji. Munthu ameneyo si pulofesa ayi. Ndi mlimi wa njuchi, wonga atsibweni anga aja.

Kunena zoona, chimene chikufunika si chozizwitsa. Wofufuza wochokera ku Bunda, ku Zomba, ku Thyolo kapena ku sukulu ya madokotala ku Blantyre akafika ku Salima, asayambire pa msika. Apite pa mng'oma ndi mwini wake. Alembe malo ndi tsiku. Athyole kanthambi ka maluwa pa mtengo uliwonse umene njuchi zikulirapo, akaumitse pakati pa mapepala, akasiye ku Herbarium ndi nambala yake. Alembe dzina la Chichewa, la Chiyao ndi la Chilatini pa mzere umodzi. Atenge mungu wa maluwawo kuti akhale ndi poyerekezera. Akatero mpamene angayese uchiwo pa tizilombo, ndipo chimene apeze chidzakhala chinthu choti wina angachibwereze, dokotala angachikhulupirire, mlimi angachilembe pa botolo. Mwina pakati pa mombo, mchenga, msangu ndi masau pali mtengo wa mphamvu yapadera. Mwinanso palibe, ndipo uchi wathu ndi wabwino monga uchi wina uliwonse. Mayankho onse awiri ngothandiza, koma sitingapeze ngakhale limodzi tikamangoti uchi.

Chodetsa nkhawa n'choti nthawi siyikutidikira. Nkhalango ya Thuma idatetezedwa ndi boma mu 1926, ndipo pamodzi ndi ya Dedza-Salima ndiyo yasunga mitengo ya mombo ndi tsamba m'dera lino. Koma kunja kwa malire ake, ndani sadaone njinga zolemedwa ndi matumba a makala zikukwera chitunda kulowera ku Lilongwe? Mitengo imene imapsa bwino pa uvuni wa makala ndi yomweyo imene njuchi zimadya. Ngakhale mng'oma wa makungwa umapha mtengo umene wasendedwa, n'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa ming'oma ya matabwa. Ku New Zealand adatsala pang'ono kuzula chuma chawo asanachidziwe. Ife tikhoza kuwotcha chathu, n'kuphikira nsima, osadziwa n'komwe kuti chidali chiyani. Nawo akuluakulu odziwa kulawa ndi chala akutha mmodzimmodzi.

Ndisanatsirize, mawu awiri kwa amayi ndi abambo owerenga tsamba lino. Mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe uchi, ngakhale kadontho, chifukwa ungathe kukhala ndi njere za kachilombo koyambitsa matenda oopsa a botulism, amene thupi la khanda silingalimbane nawo. Ndipo uchi umene amamangira mabala m'zipatala za kunja umayamba wayeretsedwa mwapadera. Wa m'botolo la pamsewu, umene mwina wathiridwa madzi a shuga kapena wafulidwa pafupi ndi munda wa thonje wopoperedwa kumene, si woti muthire pa bala lakuya. Bala lotere pitani nalo kuchipatala.

Makolo adati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Pa mlandu sitinena kuti anthu andilakwira, timatchula munthu. Pa mankhwala napo n'chimodzimodzi: timatchula mtengo. Ndidabwereranso kwa mnyamata uja patapita milungu ingapo, ndipo adandizindikira ndili patali. "Bwana wa mafunso uja! Ndidakawafunsa madala amene amandipatsa uchiwu. Akuti wakudawu ngwa kuphiri, adafula mvula itangoyamba. Woyerawu ngwa kudambo." Sadafike pa dzina la mtengo, koma adayamba ulendo wake. Ndidagula onse awiri, ndipo ndidamuuza kuti ulendo wina akafunsenso kuti kuphiriko kudali maluwa anji. Paja safunsa adadya phula.